Mpweya Woipa wa Mfumu Sindilakwa

Kuseri kwa mapiri amene ojambula mapu amawadumpha kuli ufumu wotchedwa Thimathima. Dzinali silinabwere mwangozi. Kwa zaka zambiri magetsi a kumeneko ankabwera ngati mkamwini waulesi, kulonjera, kumwa madzi, n'kutsanzika mpando usanatenthe. Ana ankakula akudziwa kuti babu ndi chokongoletsera denga. Ometa tsitsi ankayambira mbali imene munthu amakonda kujambulitsa, kuti magetsi akathima apite kwawo ndi theka labwino.

Kenaka pansi pa dambo lina panapezeka gasi. Mfumu Sindilakwa Wachinayi inalengeza kuti ndiyo inamupeza, ngakhale aliyense ankadziwa kuti anali anthu okumba chitsime amene anapsa nsidze poyatsa fodya. Kunja kwa mzinda wa Mawamawa kunamangidwa nyumba yaikulu yootcha gasiyo n'kupanga magetsi, yokhala ndi chumuni chotalika kuposa mtengo uliwonse m'dzikomo. Magetsi anayaka, nayakabe, mpaka anthu ena amtima wabwino anapita kuofesi kukawakumbutsa kuti mwina aiwala kuthimitsa.

Mmodzi mwa anthu amene anakhulupirira kuwalako ndi mtima wonse anali Nangozo, mayi wamasiye wogulitsa nkhuku pamsika wa Tiferanji. Iyeyu anagulitsa nkhuku zake zonse, mathadzi ndi atambala omwe, nagula makina ofungatira mazira, bokosi loyera lokhala ndi kazenera. Ndi ndalama zotsala anagula mazira a nkhuku za mtundu waukulu, nadzaza bokosilo. Anzake a pamsika anamuchenjeza kuti thadzi lili ndi mavuto ake koma silithima. Nangozo anangoseka. Anati thadzi limafungatira mazira khumi n'kumayenda ngati lamanga nyumba ya malata, pamene bokosi lake limafungatira gulu lonse osapempha ngakhale madeya. Koma mumtima ankadziwa kuti watsamira khoma limodzi. Mazirawo akanangozizira, sakanatsala ndi nkhuku, dzira, kapena poyambira.

Miyezi ingapo Nangozo asanagule bokosilo, kunyumba yachifumu kunafika mlendo wochokera ku dziko la Kwaozizira, katswiri wotchedwa Dokotala Vandabeki. Tsikulo mfumu inali itadya nyemba ndi mbatata masana, ndipo inakhala pampando wake mopendekeka pang'ono. Mlendo analankhula nthawi yaitali m'chinenero chake, akuloza m'mwamba. Womasulira anakanda m'mutu kufunafuna dzina la mpweya umene umatuluka chinthu chikapsa, napeza limene amaligwiritsa ntchito pawailesi.

"Mwini dziko," anatero womasulirayo, "mlendoyu akuti chiyambire mwezi watha mukutulutsa mpweya woipa wochuluka, usana ndi usiku, osapuma."

Nduna zonse zinayamba kuyang'ana nsapato zawo.

"Akuti makina awo a kumwamba akuuona. Akuti ukufika mpaka kwawo, ndipo ukusungunula madzi oundana pamapiri awo."

"Mpaka kwawo?" inafunsa mfumu. Manyazi analipo, koma ena amene anali pafupi amati m'mawumo munalinso kakunyada.

Ku Thimathima kuli mwambo wakale wonena kuti mfumu siphwisa. Zoterezi zikachitika, wokhala pafupi ndi mpando ndiye amaimirira n'kupepesa. Amene anakwera maudindo chifukwa cha luso limeneli anali a Vomerani, Nduna ya Kuwala ndi Zina Zotero. Iwo anadzuka, nakonza tayi, nauza bwalo kuti mpweya wonsewo ndi wawo, kuyambira mwezi watha mpaka lero, ndipo akupepesa kwa anthu a Kwaozizira ndi mapiri awo. Dokotala Vandabeki anasangalala kwambiri. Anati wayenda maiko ambiri koma sanaonepo nduna yovomera mwachangu chotero. Anawonjezera kuti pali mendulo yagolide ya mfumu imene idzagwire mpweyawo pamalo pomwe ukutulukira, usanabalalike.

Mfumu inangomva za mendulo basi. Dzuwa lisanalowe, galimoto ya chimkuzamawu inali ikuzungulira m'misewu kulengeza lamulo latsopano: mpweya woipa wonse ugwidwe pomwe ukutulukira.

Apolisi a ku Thimathima sachedwa pa lamulo losavuta. M'mawa mwake anali pamsika wa Tiferanji, akuyenda kumbuyo kwa anthu mphuno zili m'mwamba. Nyemba zinalandidwa, kabichi anaikidwa m'gulu la zinthu zokayikitsa. M'basi mukamveka kafungo, onse ankatsitsidwa n'kufoledwa, ndipo wopalamula ankadziwika chifukwa ndiye ankayamba kuloza anzake. Anthu anaphunzira kuyenda mwaulemu, mapazi pafupipafupi. Mkulu wina wosoka nsapato anauza Nangozo kuti sakudabwa, poti chimenechi ndicho chinthu chokha chimene chinatsala chotuluka mwa munthu popanda msonkho.

Zinatha pamene Dokotala Vandabeki anakumana ndi apolisi akukoka bambo wina atamumanga thumba la pulasitiki kuthalauza. Atafunsa n'kumva chifukwa chake, anathamangira kunyumba yachifumu, natengera mfumu pazenera, nailozera chumuni chija. Mfumu inayang'ana kanthawi, kenaka inati zimenezo inkazidziwa kuyambira pachiyambi, inkangoyesa nzeru za nduna zake. Lamulo silinafafanizidwe, chifukwa kutero kukanatanthauza kuti panali cholakwika. Anangowonjezerapo chumuni.

Koma mfumu inali ndi funso. Pachumunipo sipankaoneka utsi uliwonse, ndiye agwira chiyani? Katswiriyo anafotokoza kuti gasi amapsa mwaukhondo, mpweya woipawo suoneka, ndipo ndi wochepa kwambiri pakati pa mpweya wamba wochuluka. Anati zili ngati kusankha timiyala mu mpunga: timiyalato n'tochepa, koma thumba lonse liyenera kudutsa m'manja, n'chifukwa chake ntchitoyi imadula. Kukanakhala kuti akuotcha malasha, mpweyawo ukanakhala wambiri ndi wosavuta kugwira. A Vomerani anadzuka pomwepo napereka nzeru yoti aziponyamo matayala akale kuti ntchito ipepuke. Dokotala Vandabeki anapempha madzi akumwa.

Makina ogwira mpweya anafika pa malole ambirimbiri, ndipo atamangidwa anakula kuposa nyumba yamagetsi imene anadzaitumikira. Kagwiridwe kake ka ntchito kanali kotere: mpweya wa m'chumuni unkalowa m'nsanja yaitali n'kusambitsidwa m'mankhwala amadzi amene ankayamwa woipawo, mankhwalawo n'kuwiritsidwa ndi nthunzi kuti aulavule, kenaka unkafinyidwa n'kulowetsedwa m'mathanki. Kusambitsa, kuwiritsa ndi kufinya konseko kunkadya m'mbale imodzi ndi anthu. Nthunzi yake inali yomwe ija yopangira magetsi. Katswiri ananena mosabisa kuti pa mababu khumi alionse, limodzi kapena awiri adzathima kuti makinawo akhute, ndipo pa magawo khumi a mpweyawo adzagwira asanu ndi anayi.

"Nanga wachikhumiyo?" inafunsa mfumu.

"Ameneyo amangopita, mwini dziko. Kuti timugwire, makinawo adya kuposa mmene adyera pa enawo onse."

"Athawe mu ufumu wanga, ine ndikuona? Mumugwire."

Choncho anawonjezera nsanja ina, ndi ina pambuyo pake, yosakasaka kampweya kamene kanazemba m'nsanja yoyamba. Makina anatsegula kukamwa. Nyumba yamagetsi inkabangula usana ndi usiku, ikuotcha gasi wambiri kuposa kale, koma magetsi ambiri ankathera kuseri kwa mpanda womwewo. Pofuna kusankha oyamba kuthimitsiridwa, bwalo la nduna linagwirizana kuti ayambire ku Tiferanji, poti anthu a kumeneko mdima anauzolowera ndipo sudzawadabwitsa.

Mazira aja atangotha masiku ochepa m'bokosi, Nangozo anali akusesa pakhonde pamene bokosilo linasiya kulira. Poyamba anaganiza kuti ndi za kanthawi. Analifunditsa mabulangete onse a m'nyumba, naika mabotolo a madzi otentha m'mbali mwake, koma pofika madzulo makala anali atatha ndipo kazenera kaja kanali kakuzizira. M'mawa mwake anavala chitenje chake chabwino napita kuofesi ya a Vomerani, kumene anapeza ometa, owotcherera zitsulo ndi ogulitsa mafirizi atadzaza kale pabenchi. Nduna inatuluka n'kuwalankhula onse pamodzi. Inati asasokoneze mdima wa tsopano ndi mdima wakale. Wakale uja unali wa umphawi, koma uwu ndi mdima waukhondo, umene maiko ena akuusirira. Nangozo atafunsa ngati mazira amadziwa kusiyanitsa, anauzidwa kuti funso lake lamveka ndipo lipita ku komiti.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Pobwerera Nangozo anakumbukira mlamu wake, a Dafuleni, mlonda wa pageti la nyumba yamagetsi, amene masiku amenewo ankadzitama pamsika kuti kuntchito kwawo mbatata amangoitsamiritsa papaipi, ikapsa yokha. Anafika kunyumba, nayala mankhusu m'beseni lalikulu lochapira, nasanja mazira ake limodzilimodzi, nafunditsa bulangete, nasenza. Anayenda ngati mkwatibwi njira yonse, akukalipira njinga iliyonse yomuyandikira.

A Dafuleni ataona beseni anagwira m'mutu.

"Alamu, mukufuna kundichotsetsa ntchito? Muno simulowa munthu wamba. Ngakhale ine ndimalowa chifukwa choti ndine wotseka."

"Sindikulowa ine, alamu. Akulowa ndi mazira. Ine ndikungowaperekeza."

"Nanga akandifunsa?"

"Mudzati ndi kamba wanu. Achimwene anu akanakhala moyo, bwenzi ndikuvutika chonchi?"

Mawu omalizawa sanalepherepo pa a Dafuleni. Anamulowetsa pakageti ka kumbuyo, namusonyeza paipi yaikulu ya nthunzi imene inkapita kukawiritsa mankhwala aja. Nangozo anayendayenda pansi pake akuyesa ndi tsaya, apa pakutentha kwambiri, apa pakuzizira, mpaka anapeza kangodya kofunda ngati m'khwapa mwa munthu. Anaika beseni pamenepo ndi kachitini ka madzi pambali. Kuyambira tsikulo ankabwera m'mawa, masana ndi madzulo kudzatembenuza mazira, ndipo ankawalankhula motsitsa mawu kuti apirire. M'dziko lonse la Thimathima, malo okhawo amene kutentha sikunkathima anali amenewo.

Kubwalo la nduna nako kunali mutu waukulu. Mpweya unali ukugwidwa ndithu, mathanki akudzaza, koma ukapita kuti? Dokotala Vandabeki anati maiko ena amaukankhira pansi penipeni pa nthaka. Atatchula mtengo wokumbira dzenje lotero, msungichuma wa ufumu anakomoka, ndipo atatsitsimuka anafunsa ngati mpweyawo sungagulitsidwe. Anaitana munthu wopanga zakumwa zotsekemera, amene amathira mpweya womwewo m'mabotolo. Iye anatenga thanki limodzi, nathokoza, nati limukwanira iye, ana ake ndi zidzukulu zake. Pamapeto pake mkulu wa apolisi ndiye anathetsa nkhani. Anati iye sadziwa zasayansi, koma chimene akudziwa n'chakuti wogwidwa aliyense amapita kundende.

Mathanki anatengedwa pa malole kupita kundende yaikulu ya Mawamawa. Lililonse linapatsidwa nambala ndi chipinda, akaidi enieni n'kupanikizidwa kuchipinda chakumapeto. Lililonse linkalandiranso gawo lake la chakudya, makamaka nyemba zolandidwa zija, ndipo oyang'anira ndende ankathandiza kudya poti akaidi atsopanowa analibe chilakolako. M'masabata ochepa oyang'anirawo anayamba kuboola malamba.

Uthenga unafika woti akuluakulu a Kwaozizira akubwera ndi mendulo. A Vomerani, pofuna kuti ovina alipidwe kamodzi, anakonza zoti mwambowo uchitike pa tsiku lokumbukira kubadwa kwa mfumu. Anaiwala chinthu chimodzi. Pa tsiku limeneli, chaka ndi chaka, mfumu imakhululukira akaidi amakhalidwe abwino, ndipo osankha ndi mkulu wa ndende. Mkuluyo anali munthu wachilungamo. Anaganizira akaidi ake onse, napeza kuti palibe oposa a m'mathanki: sanamenyanepo, sanadandaulepo za chakudya, sanayesepo kuthawa. M'mawa wa tsikulo, lipenga litalira, anawalangiza kuti akakhale nzika zabwino, nalamula kuti atsegule mipopi yonse. Phokoso lake linamveka mpaka ku Tiferanji. Wosoka nsapato uja anayang'ana kumwamba, nati ndi bwino, abale awo anawasowa.

Alendo anafika masana ndi kabokosi ka mendulo ndi ojambula zithunzi. Anayambira kundende kukaona mpweya wogwidwa. Dokotala Vandabeki anayang'ana kawotchi ka pathanki loyamba, nagogoda, napita pa lachiwiri, nagogodanso, ndipo nkhope yake inayamba kufanana ndi phulusa. Mkulu wa ndende anafotokoza monyadira za chifundo cha mfumu. Mtsogoleri wa alendowo, mayi wamtali wa magalasi, anatseka kabokosi kaja pang'onopang'ono. Anati kwawo sapereka mendulo chifukwa cha chinthu chimene palibe, ndipo ngati makinawo alibe china choonetsa, iwo abwerera. Mfumu inayang'ana a Vomerani ndi diso limene nduna zimalidziwa bwino.

Gulu lonse linapita kunyumba yamagetsi, a Vomerani ali patsogolo, thukuta lili kamukamu, akulankhula zilizonse zobwera m'kamwa kuti nthawi ipite. Anthu wamba anali ataimitsidwa kuseri kwa chingwe, ndipo pakati pawo panali Nangozo, amene apolisi anamuthamangitsa m'mawa asanaone beseni lake. Iye sankayang'ana mfumu kapena alendo. Maso ake anali pakangodya kaja, chifukwa dzulo lake anali atamva timilomo tikugogoda m'kati mwa mazira.

Nduna itaima kuti ipume, pansi pa paipi panamveka kamawu. Piyo. Kenaka ena, ndi enanso. Msilikali wina anasuzumira, nakoka beseni, navundukula bulangete. Munali anapiye okhaokha, achikasu, ena atauma kale, ena akadali ndi chikoko pamutu, onse akulira nthawi imodzi.

A Vomerani sanakwere maudindo pachabe. Anayang'ana beseni, nayang'ana paipi, nakweza manja.

"Mwini dziko, alendo athu olemekezeka, tinafuna kuti chikhale chodzidzimutsa. Maiko ena amagwira mpweya woipa n'kuukwirira. Ife kuno timaulowetsa uku, n'kutulukira uku uli nkhuku."

Ovina anayamba kuvina osauzidwa. Mayi wa magalasi anatembenukira kwa Dokotala Vandabeki kuti amve ngati zimenezi n'zotheka. Katswiriyo ankadziwa bwino lomwe kumene anapiye amachokera. Ankadziwanso kuti akabwerera kwawo popanda chithunzi cha mendulo, ntchito yake yathera pomwepo. Anatsokomola, nati zotsatira zoyambirira n'zolimbikitsa ndipo pakufunika kafukufuku wina. Kabokosi kanatsegulidwanso.

Apa m'pamene Nangozo anawerama pansi pa chingwe, nadutsa pakati pa asilikali, nagwada pamaso pa mfumu.

"Pepani, mwini dziko. Anapiyewo ndi anga."

Mfumu, imene inali itaweramitsa kale khosi kuti ivekedwe, inamuyang'ana mokoma mtima, poti ojambula anali pomwepo.

"Anu, mayi? Munawafungatira ndinu?"

"Ayi, mwini dziko. Inafungatira ndi paipi."

"Paipiyo ndi ya yani?"

"Ndi yanu, mwini dziko. Koma mazira anali anga. Ndinagulitsa nkhuku zanga zonse kuti ndiwagule."

Mfumu inagwedeza mutu, ndipo inauza alendo kuti aone okha mmene milandu imaweruzidwira ku Thimathima, mwachangu ndi mosakondera. Inati makolo ananena kale kuti mwanapiye amatsata thadzi limene lamufungatira, ndipo pano thadzi ndi boma. Koma boma silidya za amasiye.

"Mayiwa akuti mazira ndi awo, ndipo sakunama. Apatseni mazira awo onse, lisatsale ngakhale limodzi. Ife titenga anapiye okha."

Asilikali anatola anapiye n'kuwaika m'dengu lokutidwa ndi mbendera, ndipo anasamala kwambiri kuti chikoko chilichonse chibwerere m'beseni. Mendulo inavekedwa, zithunzi zinajambulidwa, mfumu itanyamula kamwanapiye m'manja. Mayi wa magalasi analonjeza kuti adzauza maiko ena abwere kudzaphunzira. Kuseri kwa chingwe kunalibe woseka. Anthu a ku Tiferanji amaseka zambiri, koma ankadziwa nkhuku zimene Nangozo anagulitsa, ena mwa iwo ndiwo anazigula.

Akusenza beseni lake, Nangozo anamva wina akumukoka chitenje. Anali a Vomerani, akunong'ona.

"Mayi, mwezi wamawa kukubwera alendo ena. Mungatipezere mazira enanso ngati omwewa?"

"Mazira amaikira ndi nkhuku, bwana. Nkhuku zake ndi zimene zakwera galimoto ya mfumuzo. Kapena mufunse makinawo, mwina ayamba kuikira."

Nduna inati imeneyo ndi mfundo yabwino ndipo ipita ku komiti.

Nangozo anayenda ulendo wobwerera mofulumira, poti tsopano panalibe choti chingasweke. Zinamupweteka kwambiri, ndipo analira njira yonse osasamala womuona. Kumbuyo kwake, magalimoto a alendo atangokhota pamphambano, msungichuma anathamanga yekha kukazimitsa makina aja kuti gasi asapitirire kuwonongeka mpaka alendo ena adzabwere. Magetsi onse amene makinawo ankadya anabwerera m'mawaya.

Pamene Nangozo ankafika ku Tiferanji, mawailesi anali akuimba ndipo ometa ankaitana anthu kuti adzamalizitse mbali yotsala. Anatsegula chitseko, natula beseni la makoko pansi. Pangodya bokosi loyera lija linali likulira bwinobwino, kazenera kake kakuwala. Analiyandikira naikapo dzanja. Linali lofunda ndendende mmene mazira amafunira.